Mano a Che Selemani Anatsala ku Malinga

Mukafika pa Lirangwe tsiku la msika, funsani amene amazinga mbuzi. Akulozerani bambo wamtali wa kachisoti koyera, amene akaseka mumaona mpaka kummero. Ameneyo ndi Che Selemani, mnzanga wa kalekale. Mano anayi akutsogolo aja sanathe ndi mizimbe ayi. Tsiku lomwe anachoka ine Ackim ndinalipo, ndipo awiri ndinatola ndine.

Che Selemani ananyamula zikwama za apaulendo pa bwalo la ndege la Chileka zaka makumi awiri, koma ndege sanakwerepo, ngakhale kuigwira phiko. Tsiku lina anatola magazini imene mzungu anasiya pampando. M'katimo munali chithunzi cha mudzi wamiyala pamwamba pa phiri, ku dziko lotchedwa Peru, womwe anamanga anthu akale otchedwa a Inka. Alendo anali pamzere ngati abakha, kutsatira munthu wonyamula kambendera. Che Selemani anabwera nayo magaziniyo kwanga akuthamanga.

"A Ackim, taonani! Awa si Malinga athu aja?"

Kuseri kwa mudzi wathu kuli kaphiri komwe makolo anaunjika miyala pothawa nkhondo. Timangoti ku Malinga. Makoma ake amalekeza m'chiuno, ndipo eni ake masiku ano ndi anyani. Ndinawauza kuti a Inkawo akanaona zathuzi akanapempha kuti asungiremo nkhumba. Sanaseke. Atapuma ntchito analambula njira, nadula kambendera ku chitenje cha akazi awo, a Sikina, n'kuyamba kudikira alendo. Anadikira zaka zisanu. Mlendo ndinali ine ndekha, ndipo mbiri ya malowo inkanenepa chaka ndi chaka. Mwala womwe amati ndi mpando wa mfumu ndinaugubuduza ndine ndili mnyamata, posaka mbira.

Alendo enieni anabwera mu Okutobala wa 2017, nthawi yoipitsitsa. Kunali mphekesera ya anamapopa, yoti kwabwera anthu oyenda ndi machubu opopera anzawo magazi. Palibe amene anaonapo mmodzi, koma aliyense anali ndi mlamu wake amene anaona. Amuna ankatchinga misewu ndi mitengo, ndipo munthu wachilendo ankafunsidwa mafunso atamenyedwa kale. Ndinati tidikire mvula igwe, mitu ya anthu izizire. Che Selemani anati mlendo wodikiridwa zaka zisanu sabwezedwa.

Anabwera awiri: Thomson, yemwe Che Selemani anagwira naye ntchito ku bwalo la ndege, ndi mnzake Flossie wa ku Ndirande. Thomson anali ndi kachikwama ka madzi kobereka kumsana, kokhala ndi chubu chodutsa paphewa kufika pakamwa, kuti munthu azimwa osaima. Zinthu za m'tauni, ulesi mpaka pakumwa. A Sikina anali ataphika chidede, chakumwa chofiira chija chamaluwa owawasa, ndipo pofuna kusangalatsa mlendo anakhuthula madziwo n'kudzazamo chidede.

Tinakwera cha m'ma teni, dzuwa likuswa mtengo. Che Selemani patsogolo, kambendera m'mwamba, ngati tingasochere anthu anayi.

"Apa ndi pomwe ankaimirira alonda. Apa ankasungira mapira. Ukhondo wake, a Inka sangafikeko."

"Madala, nanga fungoli ndi la makolo lomwe?" anafunsa Flossie.

"Limenelo ndi la a Ackim, mayi. Tiyeni kutsogolo."

Sindinawaonepo akusangalala chotero. Thomson ankajambula, n'kumayamwa chubu chake chija, chofiira chikukwera pang'onopang'ono. Sitinadziwe kuti amayi awiri otola nkhuni akutiyang'ana. Tinangomva mitolo ikugwa, kenako mfuu ikutsika phiri: "Anamapopa! Anamapopa ku Malinga!"

Mawezulo analira kumudzi. Pasanathe nthawi miyala inayamba kugwa. Woyamba unam'peza Flossie pamphumi, nkhope yonse inafiira, nakhala pansi ngati wakankhidwa. Anthu anatulukira mbali zonse ndi zibonga, makasu, zikwanje. Patsogolo panali Malizani woumba njerwa, chifuwa pamtunda. Ine ndinene zoona, ndinagona kuseri kwa khoma. Makolo anamanga bwino, ndinakwanamo ndendende.

Anthu anam'gwira Thomson miyendo n'kum'khwekhwereza pamiyala mpaka kunjira yapansi. Ankalira kuti ndi juwisi, koma mawuwo ankatuluka ndi magazi. Wina anam'ponda dzanja ndi chidendene cha jombo, ndinamva zala zikuthyoka ngati chinangwa. Wina anam'menya ndi mpini m'nthiti, kawiri, katatu. Chikwama anaching'amba kumsana n'kuchikweza m'mwamba, anthu ataona chofiira chikugwedezeka anachita misala. Panabwera tayala lakale, n'kumuveka m'khosi. Wakabaza wina anapopa petulo m'njinga yake yamoto ndi pakamwa, n'kumuthira Thomson m'mutu. Anayamba kufunsana machesi.

Che Selemani anadutsa pakati pawo, kambendera kadakali m'manja, n'kudzigwetsa pamwamba pa mlendo wawo.

"Muyambe ine! Ndamuitana ndine!"

"Chokani, ambuje, akugulani!" anatero Malizani.

Sanachoke. Chibonga chomwe chimafuna mutu wa Thomson chinawapeza pakamwa. Anagubuduzika, nalavula mano m'fumbi. Ndinati basi, atha. Koma anadzuka, mkanjo wonse uli magazi, n'kulanda chikwama chija m'manja mwa amene anachinyamula. Mawu ankatuluka ndi mphepo, koma anamveka.

"Malizani! Mbuzi zomwe mumadya nonsenu amazinga ndani?"

"Ndinu. Nanga zikukhudzana bwanji?"

"Zaka zingati?"

 Ena mwa iwo anabadwa mpeni uli kale m'manja mwa Che Selemani.

"Munandionapo ndikunyambita chala? Uwende, magazi ophika aja mumakanganirana, munandionapo ndikulawa? Ine Msilamu, ngakhale a nkhuku sindilawa. Onani."

Anaika chubu m'kamwa mong'ambikamo n'kuyamba kuyamwa. Chidede n'chowawasa, ndipo pa mabala otero chimaluma ngati tsabola. Misozi inkatsika, koma anameza, nameza, pakhosi pakuoneka. Phokoso linayamba kuchepa kuchokera kutsogolo. Aliyense pa Lirangwe amadziwa kuti Che Selemani dontho la mbuzi likawagwera pamkono amasamba mpaka m'chigongono.

Wamachesi anali atafika, bokosi lili m'manja. Che Selemani anam'tambasulira Malizani chubu.

"Iwe ndiwe umabwera ndi beseni Loweruka lililonse kudzakinga magazi. Kukoma kwake ukukudziwa kuposa tonse. Lawa, utiuze."

Malizani anayang'ana anzake. Anzake anayang'ana iye. Anapukuta chubu pa kabudula, nayamwa pang'ono, n'kusunga m'kamwa ngati akuopa kuti chiphulika. Kenako anameza.

"Ndi chidede," anatero motsitsa.

"Kweza mawu! Pomenya unkakweza!"

"Ndi chidede! Cha a Sikina. Shuga amachulutsa ndi iwowo."

Mayi wina anaseka, n'kudzitseka pakamwa. Bokosi la machesi linalowa m'thumba. Anthu anayamba kukumbukira kuti anasiya ntchito kunyumba, ndipo pofika masana, ukawafunsa, palibe amene anakwera phiri tsiku limenelo, aliyense anali kudimba. Apa m'pamene ine ndinatuluka molimba mtima. Tinam'vula Thomson tayala, a Sikina anam'sambitsa petulo ndi ndowa zitatu, ndipo wakabaza yemwe uja ndi amene anam'tengera kuchipatala. Akum'kweza, Che Selemani anam'gwira phewa.

"Pepa, mwana wanga. Ndipo mpando wa mfumu sunauone."

Thomson ali moyo. Dzanja lamanja silifumbata mpaka lero, ndipo kuno sanapondenso. Flossie ali ndi chipsera, ndikumva kuti amauza anthu kuti anagwa pa minibasi. Malizani beseni amatuma akazi ake. Che Selemani nyama amazinga okha koma amadya yophwanya ndi supuni, ndipo ndikawapatsa chimanga chootcha amanditukwana m'Chiyao. Njira ya ku Malinga amalambulabe mvula ikatha.

Mano awiri ndinatola aja ndinawalowetsa mumng'alu wa khoma, pafupi ndi mwala wanga wa mbira. Ndinawauza kuti mlendo wina akadzabwera adzamusonyeze amenewo, poti pa phiri lonselo mbiri yoona ndi yokhayo. Anandifunsa kuti mng'alu wake ndi uti.