Buku la kuchipatala la malemu

Amuna anga atamwalira, ndinapitirizabe kukawatengera mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala cha mishoni ankawapatsa aulere poti sanali pantchito. Ine, mphunzitsi wa pa Migowi wodwala matenda omwewo, ndinkayenera kugula. Ndiye ndinkangonyamula buku lawo.

Mayi wa pawindo ankafunsa, "Abambo akupeza bwanji?"

"Akupezako bwino," ndinkatero, mpaka kuwonjezera kuti akudandaula ndiwo zopanda mchere.

Kunena zoona, sindinkangotsata mapiritsi. Kwathu n'kutali, ku Dowa, ndipo mu Phalombe monse mayiwo okha ndiwo ankandifunsa za amuna anga ngati amoyo.

Mwezi wachisanu anandipatsa mankhwalawo n'kunena motsitsa mawu, "Amayi, bukuli lizikhala kunyumba tsopano. Pamaliro paja ndinalipo."

Ndinathokoza ngati chitsiru, n'kuiwala ambulera pawindopo. Mpaka lero sindinakaitenge.