Muyeso wa Yohane

Ndikakumbukira agogo a Mbewe, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la utomoni womatira thupi la galimoto, fungo lotsekemera koma lobaya m'mphuno, limene linkatuluka m'galaja mwawo n'kukakamira ngakhale pa zovala zimene mayi anga ankayanika kuseri kwa nyumba. Sanali agogo anga enieni. Tinkachita lendi zipinda zapansi za nyumba yawo ku Scarborough m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene Amalawi onse amene tinkawadziwa ku Toronto ankakwana pabalaza limodzi, choncho aliyense waimvi anali agogo basi. Kwawo ku Dedza anali kalipentala. Kuno ankakonza zitseko ndi mawindo pachipatala china, ndipo akaweruka ankalowa m'galaja, kumangomveka phokoso la tupa ndi nyimbo ya kutchalitchi yoimbira m'mphuno.

M'galajamo ankapanga galimoto. Anagula kagalimoto kakale ka injini kumbuyo, n'kuchotsa thupi lake lonse, kutsala chitsulo chapansi ndi matayala. Kenako lole inabweretsa chibokosi, m'kati mwake muli thupi latsopano lofiira, lopanda denga, lopepuka ngati beseni, pamodzi ndi timatumba ta mabawuti ndi kabuku ka malangizo kamene agogo ankakawerenga monyinyirika ngati kalata ya apongozi. Zambiri sizinkakwanirana. Bowo pano, bawuti apo, ndiye ntchito inali yopala ndi kuboola mwatsopano. Galimotoyo inali ya mwana wawo mmodzi yekhayo, Yohane, mnyamata wamtali amene ankawerama polowa pakhomo lathu.

Utali umenewo ndi umene unabweretsa nkhani. Tsiku lina masana anaimika felemu ya galasi lakutsogolo m'mabowo ake a kufakitale, Yohane n'kukhala pampando wa dalaivala, ndipo chitsulo cha pamwamba pa felemuyo chinamudutsa m'maso ndendende. Agogo anati palibe vuto, aikweza. Tepi anali nayo, koma sankaikhulupirira. “Tepi imatambasuka, ndodo sinama,” ankatero. Anatenga ndodo yosalala, naiimika pampando pambali pa Yohane, n'kusema kamzere ndi mpeni pamene panali maso ake.

Ine ndinali pamasitepe, ndikudya apulo, pamene agogo aakazi, a Nabanda, anatulukira ndi tiyi. Kapu ina inagwa pansi.

“Bambo a Yohane, mutu ukukuyendani bwino? Munthu wamoyo amamuyeza ndi ndodo?”

“Amayi, it's only a windshield,” anatero Yohane akuseka. “Sindikufa ayi.”

Madzulo ake mayi anga anandifotokozera monong'ona kuti kwathu ndodo kapena bango amayezera munthu amene wamwalira, adzukulu n'kupita nalo kumanda kuti adziwe utali wa dzenje. Kalipentala wa kumudzi ngati agogo ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense, chifukwa mabokosi amaliro anakhomapo ambiri. Kungoti tsiku limenelo mtima wawo unali pa galasi.

Patapita miyezi ingapo Yohane anapita ku Malawi kukaphunzitsa, akuti kwa chaka chimodzi. Makalata anabwera atatu, kenako zii. Mlendo wina wochokera kumudzi anadzanena, maso ali pansi, kuti anthu ena anabwera pasukulupo n'kumutenga pagalimoto, ndipo palibe ankadziwa kumene anapita naye. Masiku amenewo nkhani zotere sankazifunsa kawiri.

Agogo sanasiye ntchito. Anasula tizitsulo tokwezera felemu kuti ifike pa kamzere ka Yohane, naika labala, nalowetsa galasi, n'kumamanga mabawuti pang'onopang'ono, uku kenako uko. Bawuti yomaliza isanathe, galasi linang'aluka. Anagula lachiwiri. Limenelo linakhala bwinobwino masiku awiri, koma Lamlungu masana, titangobwera kutchalitchi, tonse tili pakhonde, m'galaja mopanda munthu, tinamva kuti tswa! Tinakapeza mng'alu utayambira m'mphepete mbali ya dalaivala, utayenda chopingasa, n'kuima pamene pakanakhala nkhope ya munthu. A Nabanda kuyambira tsiku limenelo sanapondenso m'galajamo.

Bambo anga, amene ankagwira ntchito yoyeza magazi ndipo sankafuna kumva za malodza, anazungulira galimoto ija manja ali m'thumba.

“Agogo, felemuyi mwaikweza kwambiri, ndiye mukamaitayitina ikupindika. Galasi silipindika. Ingoibwezerani m'mabowo ake, it will sit fine.”

“Ndikaitsitsa, Yohane aziona bwanji njira?”

Agogo anagulanso galasi lina. Lachitatulo linang'alukanso chimodzimodzi. Amayi a kutchalitchi anayamba kunena zoti mwina tingochita mapemphero ngati a maliro kuti mitima ikhale pansi, koma agogo anawakana pamaso, nati m'nyumba mwawo simulira munthu amene sanamuone atagona. Anawonda. Ndinkawapeza atangoima, akuyang'ana ndodo ija pamene ankaikoleka pakhoma, ndipo nyimbo ija inali itatha.

Loweruka lina m'mawa, masamba atayamba kuyoyoka, makolo anga ali kuntchito ndipo a Nabanda atapita kumsika, anandiitana. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

“Esinati, tabwera kuno, mwana wanga.”

Anali atavala jekete yawo ya kutchalitchi, m'galaja, pakati pa fumbi. Galasi lachinayi linali pambali, lokutidwa ndi bulangete. Anatsitsa ndodo ija n'kuyamba kupala kamzere ka Yohane ndi mpeni, mofatsa, mpaka pamalopo panasalala, ndipo tizipalo tonse anatitola m'manja n'kutiika m'thumba la jekete. Kenako anakhala pampando wa dalaivala, nawongola msana.

“Imika ndodoyi pampandopa. Pamene pali maso angawa, uikepo chala.”

“Agogo, Granny said it's bad.”

“Agogo ako ananena zoona. N'chifukwa chake ndakuitana. Munthu sadziyeza yekha.”

Ndinkadziwa chimene ndinkachita, sindinganame kuti ndinali mwana wosadziwa kanthu. Ndinkafuna kuthawa. Koma tinaleredwa kuti wamkulu akakutuma sukana, ndiponso maso awo anali akundipempha, osati kundilamula. Ndinaika chala. Anachichotsa pang'ono ndi dzanja lawo lokhakhala, nasema kamzere katsopano, kutsika kwambiri kuposa pamene panali kakale kaja. “Zikomo, mayi,” anatero. Anali asananditchulepo mayi.

Muyeso wawo unagwera ndendende m'mabowo a kufakitale aja. Mabawuti analowa osakakamiza, galasi linakhala osang'aluka. Galimotoyo anaiyendetsa kamodzi kokha, kuzungulira misewu ya kwathuko, chipewa chili kumutu, ana a azungu akuthamangira pambuyo. Chisanu cha chaka chimenecho chisanathe, anamwalira masana ali pampando wawo pabalaza. Adokotala anati ndi mtima. Bambo anga anati ndi mtima ndi ukalamba, ndipo galasi linakhala chifukwa felemu inasiya kupindika. Zonsezo n'zoona. Ine za muyeso uja sindinauze munthu.

Patatha zaka ziwiri Yohane anabwera, atatsala mafupa okhaokha, mano ena atachoka, wosafuna kunena kumene anali. Tsiku lachitatu anapempha kiyi wa galaja. Tonse tinamutsatira, ngakhale a Nabanda anafika mpaka pachitseko. Atakhala pampando, chitsulo chija chinamudutsa m'maso monga kale. Bambo anga anati apeza munthu wodziwa kuti akweze felemuyo bwinobwino, koma Yohane sanamve. Anali akuyang'ana ndodo pakhoma. Anaitsitsa, nasisita ndi chala pamalo popalidwa paja, kenako pa kamzere kapansi.

“Anawayeza ndani?”

Ndinamva mawu anga akutuluka okha. “Ndine.”

Ndinkayembekeza kuti a Nabanda andilalatira, mwinanso kunditemberera. Analowa m'galaja muja, koyamba chisiyire, nagwira dzanja langa lamanja, nalifinya mpaka kupweteka. Yohane sanalole kuti felemuyo aikhudze. Anayendetsa galimotoyo zaka zambiri atawerama, akusuzumira pansi pa chitsulo ngati nkhalamba.

Ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndayeza anthu osawerengeka ndi tepi, ndipo za mafelemu opindika ndimazimvetsa. Koma zidzukulu zanga zikaima chilili pafelemu ya chitseko, pensulo ili m'manja, n'kumati “Gogo, measure me,” ndimayankha kuti maso anga saona bwino, apite kwa amayi awo. Mpaka lero sindidziwa ngati m'mawa uja ndinathandiza kupha munthu kapena kupulumutsa munthu, ndipo amene akanandiuza ndi amene ndinawayeza.