Botolo la Pansi pa Bedi

Anthu ankawatchula a Makwerero, chifukwa kwa zaka makumi atatu ankapenta nyumba za eni ake ali m'mwamba. Anali aatali, owonda ngati nsungwi, ndudu ili pakamwa tsiku lonse. Mawu okha ndiwo ankaumira. Kunyumba ankayankha ndi mphuno.

Tsiku lina akukweza chitini cha penti, anamva chobaya kumanja kwa chifuwa, mpweya n'kuyamba kubanika. Kuchipatala anadikira maola anayi pa benchi, pafupi ndi ndowa yonunkha imene aliyense ankangoilambalala. Dokotala atabwera anawagogoda pachifuwa ndi zala. Kumanja kunalira ngati mgolo wopanda kanthu. Atawajambula, zinaoneka kuti phapo labooka n'kuphwa ngati chubu cha njinga.

Anawaboola pakati pa nthiti n'kulowetsa paipi yotulutsira mpweya, yothera m'botolo la madzi pansi pa bedi. Dokotala ananena kamodzi kokha, ali kale pakhomo, kuti botololo lisakwezedwe kuposa chifuwa, apo ayi madziwo abwerera m'kati. A Makwerero anamva bwinobwino. Akazi awo anali panja kutsuka mbale, ndipo bambowo sanaone chifukwa chowauzira. Namwino anali pa foni.

Pofika tsiku lachitatu phapo linali litayamba kufufuma. Masana ake mayiwo anasuzumira pansi pa bedi: masanzi ouma, thonje la magazi, mphemvu ikukwera paipi. Iwo kunyumba ngakhale chipewa cha amuna awo sichikhala pansi. Anapukuta botolo lija, nayala kansalu pamwamba pa kabati, nalikhazika pamenepo mwaulemu, bambo ali m'tulo.

A Makwerero anadzidzimuka akutsamwa. Madzi ofiirira a m'botolo muja anali akutsikira m'chifuwa.

Namwino anathamanga, nakalipa pamaso pa wodi yonse kuti mbuli ndi zimene zimapha odwala. Mayiwo anangozolika. Namwino atachoka, anafunsa amuna awo motsitsa mawu.

"Abambo, inu munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munkasungira ndani?"

Bambowo anatembenukira kukhoma.

M'chifuwamo munachita mafinya. Anawaboolanso kachiwiri, ndipo bambowo anagona m'chipatalamo milungu ina isanu, wodi yonse ikutseka mphuno. Phapolo silinabwerere lonse, ndipo lero akayenda pang'ono amaima kupumira m'mwamba. Aliyense wodzawazonda amamulongosolera, ndi mpweya wochepawo, za uve wa chipatala ndi kupusa kwa akazi awo. Mayiwo amaika tiyi patebulo n'kutuluka.