Pepala la Masamu M'chitseko cha Galimoto

Chitseko cha galimoto yanga chayamba kulira kwiii-kwiii pamabampu, ndipo ndikachimva manyazi amandigwira ngati zachitika dzulo.

Ndili sitandade 4 ku Kawale, ndinalakwa masamu onse. Poona kuti windo la galimoto ya bambo limalowa m'chitseko n'kusowa, ndinaganiza kuti pepala langa lodzaza mitanda yofiira likasowanso chimodzimodzi. Ndinakanula pulasitiki ya chitseko ndi supuni, timapini tiwiri n'kuthyoka, n'kuponyamo pepalalo.

Mawa lake chitseko chinayamba kulira. Ndinapita ndi bambo ku Biwi kwa Che Amidu, makaniko amene anali atangokonza loko wa chitsekocho.

"Mwandithyolera chitseko inu! Ntchito simuidziwa!" anakalipa bambo, anthu akumva.

Che Amidu anadina pulasitikiyo malo ndi malo mpaka inalira. Atapisa dzanja lawo lagirisi m'chitsekomo, anatulutsa pepala lija. Anawerenga dzina, n'kundiyang'ana. Kenako analipinda kanayi, n'kulipanikiza pamene pankakhulana.

"Pepani bwana, ndinalakwitsa ndine. Tayesani tsopano."

Tinabwerera galimoto ili zii. Munthu wamkulu anakalipiridwa pagulu chifukwa cha ine, ndipo mpaka anamwalira sindinapiteko n'kukathokoza komwe.