Chitenge cha ba Mayi pa mpikisano wa Tiyamike

Mwachoma bwanji nonse.

Tangofika kuchokera ku mpikisano wosambira wa mwana wanga Tiyamike. Lero anachita medile, uja wa masambiridwe anayi motsatana osapuma: batafulai, chagada, wonga wa chule, pomaliza fulisitailo, kusambira kuja kwa masiku onse. Ukasokoneza dongosolo, amakuchotsa.

Ba Mayi tinapita nawo. Batafulai itayamba, mutu wa mwana ukulowa n'kutuluka m'madzi, manja onse awiri akuponyedwa kutsogolo, ndinangoona ba Mayi aimirira. Sanakuwe ayi. Anamasula chitenge chapamwamba n'kuyamba kuchipota ngati chingwe.

Inu akuluakulu mukukumbuka. Nthawi ya chipani chimodzi ija, maenje okumbamo miyala ku Chawama ankadzaza madzi a mvula, ndipo mwana akamamira azimayi ankalumikiza vitenge n'kumuponyera. Tsiku limene m'bale wathu Yohane anamira, vitenge sivinafike.

Ndinawagwira mkono n'kuwauza kuti, "Ba Mayi, sakumira, ni kasambiridwe kake."

Iwo anati, "Yohane naye anachita chonchi."

Anakhala pansi pokhapokha mwana atagunda khoma n'kutembenukira chagada, nkhope yake ikuoneka. Tiyamike watsiriza wachitatu, ndipo aphunzitsi ake akumufuna ku mpikisano wa ku Ndola.

Ba Mayi sanakanize. Angoti iwonso apita, ndipo akakhala mpando wakutsogolo, pafupi ndi madzi. Chitenge chija sanachivalenso. Afika nacho kunyumba chili chopota m'manja.

Ba Esinati, ba Josefe, inu mukuti bwanji? Tiwatenge ku Ndola kapena atsale? Ine pakamwa panga sipangatuluke mawu owakaniza.