Waya Woonda wa Kudimba

Anandilanda shikola ndili mu desima, kalasi ya khumi, kutatsala miyezi itatu kuti ndilembe mayeso. Amene anandilanda ndi amalume, achimwene awo a amayi. Mlandu wanga unali bomba yopopera madzi imene inapsa kudimba kwathu.

Nzeru yogula bombayo inali yanga, sindikana. Bambo atamwalira anatisiyira ng'ombe imodzi ndi dimba la kachewere m'mbali mwa kamtsinje, kumunsi kwa Ntengo-Wambalame. Chilimwe chilichonse amayi ankathirira ndi zitini mpaka msana unayamba kuwakana. Ndinawauza kuti tigulitse ng'ombe, tigule sola, bateriya ndi bomba, tibzale dimba lonse, kachewereyo andimalizitse shikola. "Wophunzira ndi iwe," anatero. Ng'ombe inapita.

Sindinachite kulota, ndinawerengera. Fizika ndi phunziro lokhalo limene sindinkasinza nalo m'kalasi. Mavolti ndi kukankha kwa magetsi, maampere ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa. Ukachulukitsa ziwirizi umapeza mawati, ntchito imene chinthu chingagwire. Pabomba panalembedwa mavolti 12, maampere 5. Ndiye kuti mawati 60. Sola yathu inali ya mawati 100. Zinakwana mpaka kutsalako.

Chinatsala ndi waya. Sola ndi bateriya tinaziika pachisakasa chapamtunda poopa chinyezi, bomba kumtsinje, mamita makumi awiri pakati pake. Waya aliyense amakaniza magetsi, apulofesori ankati rezistensiya. Wautali amakaniza kwambiri, woonda ndiye kuposa. Mavolti amene athera polimbana ndi waya safika kumene ukuwafuna, amasanduka kutentha m'njira. Ndinalemba papepala: waya wonenepa ngati lapisi.

Tsiku la msika ku Tsangano ndinali m'kalasi, choncho anapita amalume. Anabwera ndi kawaya kofiira ndi kokuda, kaja amalumikizira zokuzira mawu za wailesi. Kumbuyo kwa njinga kunali thumba la adubu, fetereza uja.

"Amalume, waya si ameneyu."

"Waya ndi waya, mphwanga. Umafuna chingwe chokokera ngolo?"

"Ndinakulemberani papepala."

"Wakusitolo wanena kuti ameneyu amayatsa nyumba yonse. Zotsala ndagula adubu. Kapena kachewere wako adzanenepa ndi fizika?"

Amene anali pabwalo anaseka. Amayi sanaseke. Koma kutsutsa achimwene awo pagulu sakanatha. Ine ndinangopita kukamanga wayayo. Apa ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. Ndinkadziwa, koma ndinamanga ndi manja anga.

Bomba inadzuka, koma kulira kwake kunali kwa munthu wodwala. Madzi ankatuluka m'payipi ngati mkodzo wa mbuzi. Ukagwira waya unkamva kufunda. Ndinawapempha amalume kuti agwire okha. Anagwira, n'kunena kuti ndi dzuwa. Ndinawasonyeza kuti pomwe agwirapo ndi pamthunzi wa nthochi. Anati ndisiye mwano.

Injini ikaperewera mavolti imazungulira movutika. Nthawi zina imangoima n'kumang'ung'udza, ndipo ikaima choncho magetsi amangoiwotcha m'kati. Ndinawauza amayi kuti akamva yaima azithamanga kukazimitsa. Sabata lachitatu, ine ndili ku shikola, inaima iwo ali kumapeto kwa dimba ndi payipi m'manja. Munthu wa msana wotere angathamange bwanji? Pomwe ankafika inali ikununkha kale.

Tinali titabzala dimba lonse, mizere imene zitini za munthu mmodzi sizikanaimaliza. Kachewere anayamba kuwerama masamba. Amalume anaitana abale, nati mwana wataya ng'ombe ya malemu ndi masamu a m'kabuku, abwere adzathirire zimene anabzalitsa. Za waya palibe anatchula. Nditatchula ine, azakhali anati, "Taonani, akuwanamizira akuluakulu tsopano." Lolemba lotsatira anzanga anadutsa ndi makope, ine ndili ndi zitini ziwiri.

Mawu a amalume sanandilowe kwambiri. Anandilowa ndi a amayi. Tikupuma pamzere tsiku lina anandipatsa madzi akumwa, n'kunena mofatsa: "Mwanawe, mwina unaphonya penapake. Si mlandu, ukadali mwana." Anandikhululukira cholakwa chimene sindinachite. Kunditukwana kukanakhala bwino.

Chaka chitatha, mnansi wathu anagula bomba yofanana ndi yathu ija. Ndinamupempha kuti andibwereke m'mawa umodzi. Kwa bambo wina wokonza mafoni ndinabwereka kachipangizo koyezera magetsi. Waya uja ndinachita kumasula panyumba, amayi anali atamusandutsa choyanikira zovala. Ndinamanga zonse monga zinalili, n'kuyatsa. Ndinayeza pabateriya, ndinatsika kukayeza pabomba. Kenako ndinathamanga kukaitana amayi.

Anabwera akupukuta manja kuchitenje. Ndinawaonetsa nambala yapamtunda, ndinawatsitsa pang'onopang'ono mpaka kumtsinje, ndinawaonetsa inayo. Amayi sawerenga. Anayang'ana kagalasiko, anayang'ana ine.

"Ndiye ng'ombe ibwera?"

"Ayi, amayi. Koma sindinaphonye."

"Chabwino. Ukamaliza umange wayayo pomwe wamuchotsa, zovala zili pansi."

Anakwera mtunda akugwira msana. Ine ndinatsala ndi kachipangizo m'manja, bomba ya mwini ikung'ung'udza, mpaka ndinakumbukira kuti ndiizimitse ingapsenso. Pabateriya panachoka mavolti khumi ndi awiri. Pabomba anafika asanu ndi atatu. Anayi amenewo palibe amene wandibwezera, palibenso amene wavomera kuti anasowa.