Koloboyi wa a Alufandika

Kuno ku Lirangwe, ukamwa madzi a pachitsime chokumba ndi manja, mwina ukumwa thukuta la a Wyson Alufandika. Ndi bambo wamfupi, wamapewa otambalala, ndipo ine amene ndayandikana nawo nyumba kuyambira kalekale ndikuuzeni: munthuyu amaumira mawu ngati amachita kugula.

Anayamba kukumba zitsime ali mnyamata, limodzi ndi achimwene awo, a Gracian. Tsiku lina ku Mdeka a Gracian anatsikira m'chitsime chakale kukachotsa matope. Sanakuwe, sanagwedeze chingwe. Anangokhala pansi ngati atopa, ndipo pomwe ankawatulutsa n'kuti atatisiya kale. Unali mpweya woipa umene umakhazikika pansi pa dzenje, wosaoneka, wopanda fungo. Kuyambira pamenepo a Wyson sankalowa m'chitsime asanatsitsemo koloboyi woyaka pachingwe. Akazima, tsiku limenelo ntchito palibe. Analinso ndi lamulo lina: munthu amene akukatsika pansi sumutchulira za mpweyawo, kutero n'kumuitanira tsoka.

Mwana wawo wamkazi, Alinafe, anakulira pamilu ya dothi lofukulidwa akutola timiyala. Sukulu inamuyanja, anaphunzira za miyala ku yunivesite, kenako anapeza ntchito kumayiko a Aluya kumene amapopa mafuta. Asananyamuke anatifotokozera pakhonde kuti kumeneko amatenga mpweya wa kaboni wotuluka m'mafakitale, n'kuupopera m'zitsime zakuya kuti ukankhe mafuta otsalira m'miyala. Mafuta amatuluka, mpweyawo n'kutsala pansi m'malo mokwera kumwamba kukasokoneza nyengo.

"Mpweya wa kaboniwo ndi uti?" anafunsa a Wyson.

"Womwe uja umazimitsa koloboyi wanu, ababa," anayankha Alinafe.

Ife tinaomba m'manja, amayi ake, a Nellie, n'kuimba nthungululu. A Wyson okha sanaombe nawo m'manja. Kwa iwo chitsime n'chitsime, ndipo pamoyo wawo wonse anali asanaonepo chitsime chogwiridwa ntchito popanda munthu kutsikiramo. Pabwalo la ndege ku Chileka anamugwira dzanja mwana wawo n'kunena kuti, "Chingwe uzichiona wekha." Alinafe anaseka, ankayesa malangizo wamba a makolo.

Ndiye kunayambika zodabwitsa. M'mawa uliwonse, dzuwa lili phwee, a Wyson ankayatsa koloboyi n'kumutsitsira m'chitsime cha pakhomo pawo, chimene anachimaliza zaka zapitazo. Akatuluka akuyaka, mtima unkakhala m'malo kuti mwana ali bwino. Ana a m'mudzi ankaseka kuti agogo akuunikira achule. Munthu anaonda tikuona, lamba anabowola kawiri. Tsiku lina mphepo ya chiperoni inazimitsa nyaliyo, ndipo sanalawe kanthu mpaka foni ya Alinafe italira madzulo.

Zinandikwiyitsa, n'chifukwa chake ndinawauza kuti, "Achimwene, foni muli nayo. Bwanji osangomufunsa mwanayo?" Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Kumufunsa kukanakhala kutchula mpweya uja kwa munthu wotsika pansi. Ndinawamvera chisoni, koma makani awo ankanditopetsa.

Alinafe anabwera kutchuthi pa Khirisimasi. M'mawa mwake, ine nditabwera kudzamulonjera, anapeza bambo ake atawerama pachitsime, chingwe chili m'manja.

"Kodi ababa, akutsika ndani muno?"

A Nellie, amene anapirira chaka chathunthu, ndi amene anaphulika. "Iweyo! Bambo akowa amakutsitsira nyali tsiku ndi tsiku. Akuti umalowa m'dzenje la mpweya umene unapha a Gracian."

Alinafe anagwira pakamwa. Sanaseke. Anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi mbale ya ndiwo, anaiika m'manja mwa bambo ake.

"Ababa, chitsime chathu kukamwa kwake n'kotere. Ndi paipi yachitsulo. Ngakhale nkhuku singalowemo."

A Wyson anaitembenuza mbaleyo. "Ndiye iwe umakhala pati?"

"Pamwamba. Nthawi zambiri muofesi, pakompyuta. Ndikapita pachitsimepo ndimavala kachipangizo pachifuwa, kamalira mpweya ukangotuluka pang'ono. Ameneyo ndiye koloboyi wathu."

"Chaka chonsechi sunatsikepo?"

"Olo kamodzi, ababa."

A Wyson anakhala pansi pomwepo, pamphepete pa chitsime. Patapita kanthawi anafunsa motsitsa mawu, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akutchula chinthucho pamaso pa mwana wawo.

"Ndiye mpweya uja unatenga achimwene, inu mumautsekera pansi?"

"Pansi penipeni, kunsi kwa thanthwe lolimba. Ndipo timaulondera kuti usatuluke. Ntchito yanga ndi imeneyo."

"Muziulondera ndithu," anatero a Wyson, misozi ili mbwembwembwe. "Ameneyo si wochezera naye."

Ine mtima unangoti myaa, ngati ndatula mtolo wa nkhuni. A Wyson anaimirira n'kukoka chingwe pang'onopang'ono, monga amachitira. Koloboyi anatuluka akuyaka bwinobwino. Anamuyang'ana kanthawi, kenako munthu amene moyo wake wonse ankaopa kuona lawi limenelo litazima, analiuzira yekha.

"Amake Alinafe," anaitana, "tiyi uja watsalako?"